Kusankha graphics card ku Mzimba: zofunika kudziwa musanaitanitse ku Joni

Boma la Mzimba limadziwika ndi maulendo a ku South Africa. Mabanja ambiri pa boma, pa Jenda, ku Embangweni, ku Edingeni ndi kwa Champhira ali ndi mbale amene akugwira ntchito ku Joni, ndipo katundu wochuluka amafika m'nyumbazi kudzera mwa matilansipota. Pakati pa achinyamata okonda masewero a pakompyuta, chimodzi mwa zinthu zimene amapempha abale awo kuti awagulire ndi kachipangizo kotchedwa graphics card, kamene ambiri amangoti khadi.

Khadili ndi lodula, ndipo likafika ku Mzimba n'kupezeka kuti silikugwirizana ndi kompyuta, kulibweza kusitolo ku Johannesburg n'kovuta. Mtengo wake wakweranso chifukwa cha kugwa kwa kwacha, imene inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Choncho wogula aliyense amafuna khadi loti limutumikire zaka zingapo. Kukhalitsa kwa khadi kumadalira zinthu zinayi: kompyuta imene lilowemo, magetsi amene lidye, kuchuluka kwa memore yake, komanso ngati kampani imene inalipanga ikadalisamalabe.

Ntchito ya khadi m'kompyuta

Chithunzi chilichonse chimene chimaoneka pasikirini pamene munthu akusewera chimajambulidwa ndi khadili. Kuti masewero aziyenda mosadukiza, khadi liyenera kujambula zithunzi pafupifupi 60 pa sekondi imodzi. Zikachepera 30, wosewera mpira wa pakompyuta amaona osewera ake akuyenda modumphadumpha, ndipo akadina batani mpira umachedwa kuchoka pamwendo.

Makampani atatu ndiwo amapanga ubongo wa makhadiwa: Nvidia, imene makhadi ake amatchedwa GeForce GTX kapena RTX, AMD, ya makhadi a Radeon RX, ndi Intel, ya makhadi a Arc. Mayina ena amene amalembedwa pakatoni, monga Asus, MSI, Gigabyte, Sapphire ndi Palit, ndi a makampani amene amagula ubongowo n'kuuikira mafani ndi chikuto. Makhadi awiri a RTX 3060 ochokera kumakampani osiyana amagwira ntchito pafupifupi mofanana, kotero palibe chifukwa cholipirira ndalama zambiri kaamba ka nyali zamitundumitundu.

Kukula kwa sikirini nakonso kuli ndi gawo. Anthu ambiri amasewera pa TV kapena pa monita ya 1080p imene imaonetsa zithunzi 60 zokha pa sekondi. Makhadi okwera mtengo anapangidwira masikirini a 1440p ndi 4K, ndipo mphamvu zawo zambiri zimangotayika akalumikizidwa ku TV yotere.

Yambani n'kutsegula kompyuta yanu

Makompyuta ambiri otsika mtengo amene amagulitsidwa m'dziko muno anagwirapo ntchito m'maofesi akunja. Odziwika kwambiri ndi Dell OptiPlex, HP ProDesk, HP EliteDesk ndi Lenovo ThinkCentre. Ndi olimba, koma sanapangidwire masewero, ndipo pali zinthu zitatu zofunika kuziona musanaitanitse khadi.

Choyamba ndi kukula kwa bokosi. Makompyuta opyapyala a m'maofesi amalandira makhadi aafupi okha, otchedwa low profile. Khadi lalikulu la mafani awiri kapena atatu silingalowemo. Yezani ndi lula malo amene alipo kuchokera kumbuyo kwa bokosi kufika pamene pali chotchinga, kenako yerekezani ndi muyezo wa khadi umene umalembedwa patsamba la kampani yake.

Chachiwiri ndi kabokosi kogawa magetsi m'kompyuta, kotchedwa power supply. Pambali pake pamakhala pepala losonyeza mawati amene kamatulutsa. M'makompyuta opyapyala a m'maofesi nthawi zambiri ndi mawati a pakati pa 180 ndi 260. Mpata umene khadi limalowamo, wotchedwa PCI Express, umapereka mawati 75 okha. Khadi lofuna mphamvu yoposa pamenepo limafunika nthambo yapadera: ya mano 6 imawonjezera mawati 75, ya mano 8 imawonjezera 150. Ngati power supply yanu ilibe nthambo zimenezi, pali njira ziwiri: kugula khadi losafuna nthambo, kapena kusintha power supply. Vuto ndi lakuti makompyuta ambiri a Dell ndi HP ali ndi malumikizidwe awoawo, kotero power supply wamba siilowamo mwachindunji. Timawaya totsika mtengo totenga magetsi kuchokera ku nthambo za hard drive n'toopsa, chifukwa nthambozo sizinapangidwire mphamvu yochuluka chotero ndipo zimatha kusungunuka.

Chachitatu ndi purosesa ndi memore ya kompyuta, imene imatchedwa RAM. Purosesa ya Core i5 ya m'badwo wachitatu kapena wachinayi, ya m'zaka za 2012 ndi 2013, singathe kudyetsa ntchito khadi lamakono mokwanira. Khadi limakhala likudikira purosesa, ndipo ndalama imene mwawononga siioneka pasikirini. Kompyuta ya RAM ya 8GB imene ikugwiritsabe ntchito hard drive yakale imasintha kwambiri mukaikamo RAM ya 16GB ndi SSD, ndipo ziwirizi kawirikawiri zimatsika mtengo kuyerekeza ndi khadi latsopano.

Onaninso monita. Makhadi amakono ali ndi mabowo a HDMI ndi DisplayPort, ndipo alibe bowo la buluu la VGA. Amene ali ndi monita yakale adzafunika kachipangizo kosinthira.

Zimene zimakalambitsa khadi

Khadi likhoza kukhala lamoyo koma masewero atsopano n'kumalikana. Zifukwa zake zilipo zitatu.

Chifukwa choyamba ndi memore ya pakhadipo, yotchedwa VRAM, imene singawonjezeredwe mukagula. Memoreyi ikadzaza, masewero amayamba kudukadukiza ngakhale ubongo wa khadi uli ndi mphamvu. Khadi la 4GB limakwanabe pa masewero a mpira ndi masewero akale. La 8GB ndilo poyambira pa masewero akuluakulu atsopano pasikirini ya 1080p, ndipo ena mwa iwo ayamba kale kulipanikiza. Amene akufuna kukhala zaka zinayi kapena zisanu osagulanso ayang'ane la 12GB kapena 16GB. Komabe nambalayi payokha ikhoza kunyenga: khadi lofooka silisanduka lamphamvu chifukwa chokhala ndi memore yambiri.

Chifukwa chachiwiri ndi luso limene makhadi akale alibe. Mu 2018 Nvidia inayambitsa makhadi a RTX okhala ndi luso lojambula kuwala ndi mithunzi lotchedwa ray tracing, ndipo AMD inatsatira mu 2020 ndi makhadi a RX 6000. Kwa zaka zingapo lusoli linali lokongoletsa chabe, loti wosewera akhoza kulizimitsa. Koma masewero a Indiana Jones and the Great Circle a mu Disembala 2024 ndi Doom: The Dark Ages a mu Meyi 2025 amafuna khadi lokhala ndi lusoli. Izi zikutanthauza kuti GTX 1060, GTX 1660 ndi RX 580 zatsala m'mbuyo pa masewero oterewa.

Chifukwa chachitatu ndi mapulogalamu otchedwa driver, amene amalumikiza khadi ndi Windows. Kampani ikasiya kukonza driver, masewero atsopano amayamba kuvuta ndipo palibe wowongola. Nvidia inalengeza kuti makhadi a GTX 900 ndi GTX 10, kuphatikizapo GTX 1050 Ti ndi GTX 1060, alandira driver womaliza wa masewero mu Okutobala 2025, ndipo kuchokera pamenepo azingolandira zokhudza chitetezo mpaka mu 2028. AMD nayo inachepetsa chisamaliro cha makhadi a RX 400 ndi RX 500 kuyambira chakumapeto kwa 2023. Makhadi a GTX 16 ndi a RTX onse anapitiriza kusamalidwa.

Kompyuta yonse imakalambanso. Microsoft inathetsa chisamaliro chanthawi zonse cha Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo kapena Ryzen 2000 kupita m'tsogolo. Amene kompyuta yake ndi yakale kuposa pamenepa achite bwino kugula khadi lotsika mtengo n'kusunga ndalama zotsala za kompyuta ina.

Pali luso lina limene limatalikitsa moyo wa khadi. Khadi limajambula chithunzi chaching'ono n'kuchikulitsa mwanzeru, motero limapepukidwa ntchito. Luso la Nvidia limatchedwa DLSS ndipo limagwira pa makhadi a RTX okha. La AMD ndi FSR, limene linatuluka mu 2021, ndipo mitundu yake yoyambirira imagwira ngakhale pa makhadi a makampani ena.

Makhadi ofikirika m'magulu atatu

Gulu loyamba ndi la eni makompyuta a m'maofesi amene sangasinthe power supply. GTX 1650, ya mu 2019, ili ndi memore ya 4GB ndipo mitundu yake yambiri siifuna nthambo yapadera. RTX 3050 ya 6GB, imene inatuluka mu Febuluwale 2024, imadya mawati 70, imapezeka ya low profile, ndipo ili ndi DLSS. Mwa makhadi osafuna nthambo, iyi ndiyo ili ndi tsogolo lotalikirapo. Chenjerani posokoneza mayina, chifukwa palinso RTX 3050 ya 8GB imene imafuna nthambo. RX 6400 imadya mawati 53 okha, koma imafooka ikaikidwa m'makompyuta akale a PCI Express 3.0.

Kwa okonda mpira, gululi ndi lokwanira. Kampani ya EA inalemba kuti EA Sports FC 25 imayamba kuyenda pa GTX 1050 Ti kapena RX 570, ndipo imayenda bwino pa GTX 1660 kapena RX 5600 XT. Amene masewero ake ndi mpira, GTA V ndi Euro Truck Simulator 2 safunika khadi la mtengo wa ng'ombe.

Gulu lachiwiri ndi la amene ali ndi bokosi lalikulu ndi power supply yabwino ya mawati 450 mpaka 550. RX 6600, ya mu Okutobala 2021, ili ndi 8GB ndipo imadya mawati 132. RTX 3060, ya mu Febuluwale 2021, ili ndi 12GB ndipo imadya mawati 170; palinso ina ya dzina lomweli ya 8GB imene ndi yofookerapo, kotero muwerenge katoni mosamala. RTX 4060, ya mu Juni 2023, ili ndi 8GB koma imadya mawati 115 okha. Onsewa ali ndi ray tracing ndipo amakwana pasikirini ya 1080p.

Gulu lachitatu ndi la makhadi atsopano. Intel Arc B580, ya mu Disembala 2024, ili ndi 12GB ndipo inayamba kugulitsidwa pa madola 249 a ku America. Komatu imafuna kompyuta yamakono yokhala ndi luso lotchedwa Resizable BAR, ndipo m'kompyuta yakale imakhumudwitsa. RTX 5060, ya mu Meyi 2025, ili ndi 8GB pamtengo wa madola 299. RX 9060 XT, ya mu Juni 2025, inatuluka mitundu iwiri: ya 8GB pa madola 299 ndi ya 16GB pa madola 349. Kwa amene thumba lake likulola, kusiyana kwa madola 50 kumeneko n'koyenera kulipira, chifukwa memore ndiyo imayamba kuperewera khadi likamakalamba. Mitengoyi ndi ya ku America pa nthawi imene makhadiwa ankatuluka, ndipo pofika ku Malawi imakwera ndi misonkho, mtengo wonyamulira ndi kusowa kwa ndalama zakunja.

Magetsi a Escom ndi a dzuwa

Ku Mzimba, ngati m'madera ena a dziko lino, magetsi amathimathima. Chimene chimapha zipangizo kawirikawiri ndi mphamvu imene imabwera mwadzidzidzi magetsi akamayaka, komanso mphenzi za m'nyengo ya mvula. Amene wagula khadi asungeko ndalama ya chotetezera magetsi, ndipo ngati n'kotheka agule UPS, kabokosi ka batire kamene kamapereka mphindi zochepa zoti munthu azimitse kompyuta bwinobwino. Mvula ya mabingu ikayamba, zulani pulagi pakhoma.

Power supply yotsika mtengo yosadziwika dzina imalemba mawati 500 pamene singathe kutulutsa mphamvu imeneyo, ndipo ikapsa imatha kupsetsa khadi ndi zina zonse. Yabwino ndi ya makampani odziwika monga Corsair, Seasonic ndi Cooler Master, yokhala ndi chizindikiro cha 80 Plus. Magetsi a ku South Africa ndi a kuno ndi ofanana mphamvu, pafupifupi mavoti 230, koma mapulagi ndi osiyana: a kumeneko ndi a mano obulungira, a kuno ndi a mano amakona. Kusintha nthambo n'kokwanira.

Kadyedwe ka magetsi kamaoneka pa mita. Kompyuta imene ikudya mawati 300 pamodzi ndi sikirini imatha yuniti imodzi ndi kachigawo pa maola anayi, zomwe ndi mayunitsi 36 pamwezi ngati ikuseweredwa tsiku lililonse. Kwa amene akufuna kutsegula malo a masewero olipiritsa pa Jenda kapena pa boma, khadi la mawati 115 ndi lopindulitsa kuposa RX 580 ya mawati 185, ngakhale RX 580 ili yotsika mtengo pogula. M'midzi imene anthu amadalira sola nkhaniyi imakula kwambiri, chifukwa khadi lodya kwambiri limatha batire msanga. Inveta yabwino pa kompyuta ndi yotchedwa pure sine wave, pakuti ma power supply ambiri amakono sagwirizana ndi mainveta otsika mtengo.

Khadi logwiritsidwapo kale ntchito

Pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp mumapezeka makhadi ambiri akale. Ena mwa iwo anagwirapo ntchito yokumba ndalama za pa intaneti usana ndi usiku, mpaka mu Sepitembala 2022 pamene ndalama ya Ethereum inasintha kayendetsedwe kake ndipo okumbawo anayamba kugulitsa makhadi awo. RX 570, RX 580 ndi makhadi a RTX 30 anali m'gulu limeneli. Ambiri akugwirabe ntchito, koma mafani awo amakhala otopa.

Palinso makhadi abodza. Akamberembere amatenga khadi lakalekale, monga GTS 450 ya mu 2010, n'kulisintha kuti kompyuta iziliwerenga ngati GTX 1050 Ti. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chizindikiro chimodzi ndi bowo la VGA, limene makhadi enieni a GTX 10 pafupifupi onse alibe. Khadi lolembedwa RX 580 2048SP nalonso si RX 580 yeniyeni: mphamvu zake n'zofanana ndi za RX 570.

Musalipire musanaone khadi likugwira ntchito. Pulogalamu yaulere ya GPU-Z imaonetsa dzina lenileni la ubongo wa khadi ndi kuchuluka kwa memore, ndipo imazindikira makhadi ambiri abodza. Seweranipo mphindi 20 kapena 30 mukuyang'ana kutentha. Khadi limene likupitirira madigiri 85, likuonetsa timadontho ndi mizere pasikirini, kapena likuzimitsa kompyuta, musaligule. Onaninso ngati mafani onse akuzungulira popanda phokoso lachilendo. Ngati wogula ndi mbale amene ali ku Joni, apemphe wogulitsa kuti amuyesere pamaso pake, ndipo atumize chithunzi cha GPU-Z asanapereke ndalama.

Ku Joni, ku Mzuzu kapena ku Lilongwe?

Ku South Africa kuli masitolo a pa intaneti monga Wootware, Evetech ndi Takealot, amene amagulitsa makhadi atsopano a mitundu yambiri okhala ndi walanti. Koma walantiyo imagwira ntchito khadi likabwerera kusitolo, ulendo wodutsa Mozambique ndi Zimbabwe. N'chifukwa chake ndi bwino kuti khadi liyesedwe konko lisananyamuke, ndipo lisiti lisungidwe. Katundu wolowa m'dziko muno amayenera kuonetsedwa kwa a bungwe lotolera misonkho la MRA pachipata, monga cha Dedza kapena Mwanza, kotero msonkho uwerengeredwe pamtengo. Khadi linyamulidwe m'katoni yake ndi m'thumba lake lotetezera. Ngati ikubwera kompyuta yathunthu, khadi lichotsedwe n'kulongedzedwa palokha, chifukwa kugwedezeka kwa pamsewu kumatha kuthyola mpata umene limalowamo.

Kugula ku Mzuzu kapena ku Lilongwe kumadula, ndipo mitundu imakhala yochepa, koma wogula akhoza kunyamula kompyuta yake kukayesera pomwepo, ndipo ali ndi kobwerera zikavuta. Pemphani lisiti lolembedwa dzina la khadi, nambala yake ndi nthawi ya walanti. Wogula amene wapusitsidwa ndi sitolo ya m'dziko muno akhoza kukadandaula ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, ndipo lisitilo ndiwo umboni wake.

Kusamala khadi likafika

Fumbi la m'chilimwe ndi kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala ndi adani a khadi. Kompyuta ikhale patebulo, osati pansi, ndipo kumbuyo kwake kukhale mpata wa mphepo. Miyezi iwiri kapena itatu iliyonse zulani pulagi, tsegulani bokosi, ndipo chotsani fumbi ndi burashi yofewa mutagwira mafani kuti asazungulire. Khadi lakale limene likutentha kwambiri nthawi zambiri limangofunika kupakidwanso phala loziziritsa lotchedwa thermal paste, ntchito imene amisiri a makompyuta amaidziwa.

Driver atengedwe patsamba la Nvidia, AMD kapena Intel basi. Fayilo yake imakhala ya mamegabaiti mazana angapo, pamene masewero akuluakulu amafika 100GB, kotero bandulo ya intaneti ya Airtel kapena TNM nayo ili m'gulu la ndalama zofunika kuwerengera.

Musanatumize uthenga ku Joni, lembani papepala dzina la kompyuta yanu, purosesa yake, RAM, mawati a power supply, nthambo zimene ili nazo, kutalika kwa malo a khadi, mtundu wa sikirini ndi masewero atatu amene mumasewera kwambiri. Jambulani pepalalo pamodzi ndi m'kati mwa kompyuta n'kutumizira wogulayo. Ndalama zigawidwe motere: poyamba power supply ndi chotetezera magetsi, kenako RAM ndi SSD ngati zikuperewera, ndipo zotsalazo zigule khadi la memore yochuluka limene kompyutayo ingathe kulinyamula.